Mmene Pulinta Inafiiritsira Mkamwini Wanga

Mkamwini wanga ndi munthu wabwino. Samwa mowa, sasuta fodya, ndipo akamandipatsa moni amavula chipewa. Dzina lake la ubatizo ndi Dominiko, koma kuchokera ku Bembeke mpaka kuno kwathu kuseri kwa Mphunzi, mukafunsa za Dominiko anthu amangokanda m'mutu. Mukati Simoni, ngakhale wakabaza akulozerani nyumba yake. Dzina limenelo ndinamupatsa ndine. Sindinachite mwadala. Popeza aliyense amaifotokoza nkhaniyi mmene akufunira (makamaka alamu anga, amene amaithira mchere chaka chilichonse), ndati ndiilembe ndekha.

Ndiyambe ndi kuvomera kuti ndine wa mtima wapachala. Mkazi wanga Nambewe amati ndimayaka msanga kuposa palafini. Ndimakhala pachikamwini, kwawo kwa iyeyo, ndipo pano ndamerera imvi. Ndimalima kachewere, ndimaweta nkhumba, komanso ndinafika Fomu 4, zimene sindilola kuti munthu aliyense pamudzi pano aziiwale.

Mwana wathu woyamba, Tiyamike, atapeza banja, tinakhala pansi kugawana ntchito za ukwati. Inu odziwa za kuno mukudziwa kale kuti pa nkhani ya ukwati bambo wobereka amakhala ngati mlendo. Mwini mbumba ndi malume. Malume ake a Tiyamike ndi alamu anga a Lufeyo, achimwene ake a Nambewe, munthu amene sukulu anaisiyira ku pulayimale koma akakhala pampando amayankhula ngati anabadwa atagwira ndondomeko m'manja. Anagawa zonse: uyu mbuzi, uyu mpunga, awa nkhuni, awo akayankhule ndi a zoimbira. Ine ndinali tcheru kudikira dzina langa. Msonkhano unafika pa pemphero lotsekera dzina langa lisanamveke.

"Nanga ine?" ndinafunsa.

"Inu alamu musavutike," anatero a Lufeyo. "Mudzangovala suti, mudzakhale kutsogolo."

"Ngati duwa?"

"Ngati bambo."

Apa palafini uja anayaka. Ndinaimirira (kuimirira kunalibe ntchito, tinali anthu asanu ndi atatu pakhonde) n'kunena kuti makadi oitanira anthu ndipanga ndine. Osati ofotokopa otuwa aja ayi, koma amitundu, okhala ndi chithunzi cha akwati. Ndipo ndisindikiza pakhomo pompano, aliyense wolandira kadi adziwe kuti Tiyamike ali ndi bambo wake.

"Musindikiza pa chiyani, alamu?"

"Pa pulinta yanga."

Nambewe anandiyang'ana osaphethira. Pulinta ndinalibe.

Sabata yotsatira ndinagulitsa kachewere pa Chimbiya n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe. M'sitolo ina ya zamakompyuta ndinapeza pulinta yakuda, yonyezimira, ndipo mtengo wake unandidabwitsa kutsika. Ndinafunsa kawiri kuti mwina ndamva molakwika. Wogulitsayo anamwetulira, kumwetulira kumene ndinakumvetsa patapita mwezi wathunthu.

"Bwana, ikadzavuta chilichonse mudzangoimba nambala ili pa lisitiyi. Makasitomala athu timawathandiza kulikonse kumene ali."

Ndinagulanso mapepala olimba a makadi, okwanira ndendende chiwerengero cha oitanidwa, chifukwa anali odula ndipo ine sindine munthu wotaya zinthu. Pobwerera pulinta ndinainyamula pamiyendo ulendo wonse. Kondakitala atati aiike kumbuyo pamodzi ndi matumba a kabichi, ndinamuuza mawu amene anachititsa minibasi yonse kukhala chete mpaka pa Linthipe.

Magetsi kwathu ndi a sola: batire limodzi ndi kabokosi kosinthira mphamvu, zimene ndimatchajira mafoni a anthu. Laputopu inali yakale ya Tiyamike. Nditalumikiza zonse, pulinta inagwira ntchito tsiku loyamba lomwelo, ndipo ine ndinasokonezeka mutu. Ndinasindikiza chikwangwani choti pano timatchaja mafoni, ngakhale kuti mudzi wonse unkadziwa kale. Ndinasindikiza ndandanda ya mapemphero a mphakati wathu popanda wondipempha. Ndinasindikiza nkhumba yanga yaikazi ikuyamwitsa. Kenaka m'laputopu muja ndinapezamo chithunzi cha munda wa mpendadzuwa, chikasu chokhachokha mpaka kumapeto, ndipo chinandikongolera kotero kuti ndinachitulutsa katatu: china pabalaza, china kuchipinda, china ndinapatsa a Lufeyo kuti akapachike kwawo aziona tsiku lililonse. (Kumbukirani mpendadzuwa ameneyu. Ine ndinamuiwala.)

Tiyamike amaphunzitsa ku tauni, choncho kadi anaikonza yekha n'kunditumizira pafoni. Mkati munali mawu, kunja chithunzi cha pachinkhoswe: iye ndi Dominiko atavala nsalu yofanana yobiriwira, akumwetulira. Pangano linali loti Lamulungu ikatha Misa tipite ku Bembeke kukapereka makadi a kuchimuna kwa makolo a Dominiko, kuti ayambe kugawira abale awo. Bambo ake a Dominiko ndi akatekisiti, munthu wosekera m'kati, amene ngakhale nkhuku za pakhomo pawo zimayenda mwaulemu.

Lachitatu m'mawa ndinayamba. Makadi anayi anatuluka okongola moti ndinaitana Nambewe kuti asiye kutsuka mbale adzaone. Kadi yachisanu itangolowa, pulinta inakhosomola, n'kuima. Kanyali kalalanje kanayamba kuphethira. Pa laputopu panabwera uthenga woti inki yachikasu yatha.

Sindinade nkhawa. Ndinati ndiyambe ndasindikiza mawu a mkati, poti ndi akuda okhaokha, za chikasu tiona mawa. Ndinadina. Inakana. Ndinadinanso mwamphamvu. Inakananso, uthenga womwewo: yachikasu yatha. Tsono tandiuzeni inu owerenga, ine ndikufuna kulemba zakuda, inki yakuda ilimo yodzadza, chikasu chikukhudzidwa bwanji? Zili ngati minibasi kukana kunyamuka chifukwa wailesi yafa.

Ndinatenga lisiti lija. Apa ndiyenera kufotokoza chinthu chimodzi chimene a ku Lilongwe aja sankachidziwa pamene ankati amathandiza munthu kulikonse kumene ali. M'nyumba mwathu netiweki mulibe. Phiri linaitchinga. Imapezeka pamwala waukulu umene uli kumtunda kwa khola la nkhumba, ndipo kuti mufikepo mumakwera mpaka mawondo kuyankhula. Unali mwezi wa Julaye, nkhungu itakuta phiri lonse, mphepo ikulowa m'makutu ngati singano.

Ndinakwera, n'kuimba. Anayankha mayi wa mawu okoma, ndipo ine ndinamupatsa moni wonse, kufunsa ndi za kunyumba, ndisanazindikire kuti ndikuyankhula ndi makina. Anati ndikafuna Chichewa ndidine thuu. Ndinadina. Kunabwera nyimbo. Pakati pa nyimboyo mayi uja ankabwera kudzandiuza kuti foni yanga ndi yofunika kwambiri kwa iwo, kenaka n'kundisiyanso ndi nyimbo. Mayunitsi akupita. Nditatsala pang'ono kuponya foni m'khola, kunamveka munthu weniweni.

"Takulandirani bwana, mukuyankhula ndi Chisomo. Tikuthandizeni chiyani?"

Ndinafotokoza zonse bwinobwino, kuyambira pa ukwati mpaka pa kanyali kalalanje.

"Pepani ndi zimenezo bwana. Pulinta yanu ndi ya mtundu wanji?"

"Yakuda."

"Ndikutanthauza nambala yake, bwana. Yalembedwa kunsi kwake."

Ndinatsika. Foni inadukira pakhola. Ndinatembenuza pulinta, kulemba nambala padzanja, kukweranso, kudina thuu, kumvera nyimbo yonse ija kuyambira pachiyambi. Nditamupezanso Chisomo ndinamuwerengera nambala ndili wefuwefu.

"Zikomo bwana. Kodi pulintayo mwaiyatsa?"

Ndinapuma kaye. Ndinayang'ana nkhungu. Ndinamuuza modekha, mano ali pamodzi, kuti chinthu chozima sichiphethira nyali.

"Chabwino bwana. Tsopano taizimitsani, muwerenge mpaka teni, muiyatsenso."

"Pulinta ili kunyumba."

"Nanga inuyo muli kuti, bwana?"

"Pamwala."

 Ndikukhulupirira kuti anayang'ana pa pepala la mayankho ake n'kupeza kuti za mwala palibepo.

"Palibe vuto bwana, pitani, ife tikudikirani."

Anandidikira mpaka pakhola pomwe paja. Ulendo wachitatu mayunitsi anathera pa nyimbo, mayi wamakina uja ali pakati pondiuza kufunika kwanga.

Lachinayi ndinadzuka ndi nzeru. Ndinatenga wilibala imene ndimatutira manyowa, n'kuitsuka, kuyalamo thumba. Ndinakwezamo batire, kabokosi kamagetsi kaja, laputopu, pamwamba pake pulinta, n'kufunditsa bulangete chifukwa kunali kamvula kowaza. Nambewe anatuluka m'khitchini atagwira chipande.

"Bambo a Tiya, mukupita nayo kuchipatala?"

 Ndinakankha wilibala kukwera mtunda, batire likulemera ngati mwana wa ng'ombe, gudumu likulira moti amayi a pamjigo anasiya kupopa n'kumandiperekeza ndi maso. Pamwala paja ndinayala zonse, kulumikiza zingwe, n'kukhala pansi foni ili kukhutu. Nthawi yomweyo a Lufeyo anatulukira m'nkhungumo, khasu lili paphewa.

"Alamu, mwatsegula ofesi?"

"Pitirirani."

"Ayi, ndimangofuna kudziwa ngati mukulemba ntchito amesenjala."

Chisomo anandizindikira mawu. "Ndinu bwana a pamwala aja?" Ndinati ndine, ndipo lero pulinta ili pambali panga, anene zonse zimene akufuna. Tinazimitsa. Tinawerenga mpaka teni. Tinayatsa. Tinatsegula chivundikiro, kutulutsa timabokosi ta inki, kutibwezeramo, kutseka. Tinazula chingwe n'kuchilowetsanso. Zala zanga zinali zitauma ndi chisanu. Pamapeto pake Chisomo anatsitsa mawu ngati dokotala amene wapeza matenda.

"Bwana, vuto taliona. Inki yachikasu yatha."

"Zimenezo si ndinakuuzani dzulo!"

"Eya bwana, koma tsopano tatsimikiza."

Ndinafunsa chifukwa chimene pulinta ikukanira kulemba zakuda. Anati inapangidwa choncho pofuna kunditeteza ineyo kasitomala. Ndinafunsa kuti kunditeteza kwa yani, anangobwereza zomwezo. Ndinafunsa mtengo wa kabokosi kachikasu. Anati kachikasu pakokha sagulitsa, amagulitsa mitundu itatu pamodzi, ndipo atatchula mtengo ndinamuuza kuti abwereze. Unali woposa umene ndinagulira pulinta yonseyo, ndi katoni yake yomwe. Pamenepo m'pamene ndinaona kumwetulira kwa wogulitsa uja kukubwera m'nkhungu. Anthu aja sagulitsa pulinta ayi. Pulinta amangokupatsa ngati mwana wa nkhumba, podziwa kuti madeya uzikagula kwa iwo mpaka imfa. Kabokosi kake n'kochepa ngati ka machesi. Ndinawerengera mumtima kuti inki imeneyi itadzadza botolo la mafuta ophikira, munthu ungagule ng'ombe ziwiri, ngolo, n'kutsala ndi ya chikwapu.

Zimene ndinayankhula pamwala paja sindingazilembe pano, ndine wa mphakati. Ndingonena kuti nkhumba zinasiya kulira. Nditamaliza, Chisomo anayankha ndi mawu omwe aja, osakwera osatsika:

"Dandaulo lanu talimva, bwana. Pali china chimene tingakuthandizeni lero?"

(Lero ndikakhala pansi ndimamumvera chisoni mwana uja. Mtengo sanaike ndi iye. Koma tsiku limenelo pamwala panalibe wina woti ndimukalipire.)

Lachisanu ndinapita pa boma. Kuseri kwa msika kuli kashopu ka a Nachisale, mayi wa magalasi amene amafotokopa, kusindikiza ndi kuthira inki m'timabokosi takutha. Anamvetsera nkhani yanga akudula mapepala.

"Bambo, bwanji osangondipatsa makadiwo ndikusindikizireni pano? Pofika masana atha. Mtengo wake sufika n'komwe pa ndowa imodzi ya kachewere."

Munthu wanzeru akanavomera. Koma ine ndinaona nkhope ya a Lufeyo akufunsa kuti, alamu, pulinta yanu ija yasamukira pa boma? Ndinati ayi, ndinalonjeza kusindikiza pakhomo panga, angondigulitsa inki yachikasu ya m'botolo ndikathire ndekha. Anati yachikasu inatha sabata yatha, yatsala yofiira, yabuluu ndi yakuda.

Apa m'pamene Fomu 4 yanga inagwira ntchito. Ndinatulutsa foni n'kuyang'anitsitsa chithunzi cha akwati. Nsalu yobiriwira. Nkhope zakuda. Mano oyera. Chachikasu panalibe ngakhale kadontho. Ndiye kuti pulinta sikufuna chikasu kuti ichigwiritse ntchito, ikungofuna kuti kabokosi kadzadze, basi, mwano chabe.

"Ndipatseni yofiira."

"Muithira muti?"

"M'kachikasu."

A Nachisale anavula magalasi. "Bambo, musatero."

"Mayi, makina alibe maso. Adziwa bwanji?"

Anandiyang'ana mmene amayang'anira munthu amene akukwera njinga yopanda mabuleki pamtsetse wa Bembeke. Kenaka anandikulungira botolo, n'kundionetsa batani loti ndikalidine osalisiya mpaka kanyali kaleke kuphethira. Ndikutuluka anandiponyera mawu: "Mawa sinditsegula, ine ndi wa Sabata." Ndinati zimenezo sizikundikhudza.

Loweruka m'mawa ndinatenga jakisoni amene ndimabayira nkhumba, n'kumutsuka ndi madzi otentha. Ndinapopa inki, kubaya kabokosi, kukankha. Ndinakankha mwamtima wanga womwe uja, ndipo theka la inkiyo linabwerera m'manja mwanga mpaka m'zigongono. Sindinasamale. Ndinabwezera kabokosi, kudina batani lija, ndipo kanyali kanazima. Mawu a mkati anatuluka onse, akuda bii, ooneka bwino. Ndinatembenuza mapepala kuti ndiyambe chithunzi. Kadi yoyamba inatuluka bwino. Yachiwiri bwino. (A Nachisale anadzandiuza pambuyo pake kuti kanali kachikasu kotsalira m'njira.) Ndinavina pang'ono pandekha, ndinalowetsa mapepala onse otsala, n'kulamula kuti isindikize mpaka amalize.

Nthawi yomweyo panja panamveka odi. A Lufeyo.

Ndinatuluka ngati munthu amene wawina mlandu. Ndinawaikira mpando padzuwa, ndinauza Nambewe abweretse tiyi, ndipo kwa nthawi yaitali ndinawaphunzitsa za makina: mmene azungu amatibera, mmene munthu wophunzira amawazembera. M'nyumba pulinta inali kuimba, shii, shii, shii. Italeka ndinati, "Alamu, lowani mukadzionere nokha. Ine ndaona kale."

Analowa. Kunali chete. Chete ameneyo anatalika mpaka ndinayamba kumva kukoma, ndikuganiza kuti munthu wasowa chonena. Kenaka ndinamva kaphokoso ngati ka mbuzi yotsamwa. A Lufeyo anatuluka atagwira kadi kudzanja limodzi, lina atagwira chitseko kuti asagwe.

"Alamu," anatero misozi ikutsika, "ameneyu ndi mkamwini kapena Simoni?"

Ndinalanda kadiyo. Nsalu yobiriwira ija inali yofiirira ngati mabulosi. Mwana wanga Tiyamike anali ndi nkhope ya biringanya. Koma Dominiko, poti ndi woyererako, anatuluka wofiira psuu ngati phwetekere wakupsa, maso ndi mano zili mbee. Aliyense amene anaonapo gule pabwalo akanamuzindikira: Simoni, chilombo cha nkhope yofiira chija, kungosowa fumbi ndi ng'oma. Ndipo a Lufeyo ndi a kudambwe, za gule sangaphonye. Ndinafufuza mulu wonse. Kadi iliyonse inali yofiira kuposa inzake, ngati Dominiko akupsa mtima pang'onopang'ono. Kunali kumeneko kudziwa kwanga kuti mtundu wobiriwira ndi khungu la munthu zili ndi chikasu mkati. Mwina anaphunzitsa tsiku limene ndinajomba.

Nambewe anatenga imodzi, anaiyang'ana, n'kulowa m'khitchini. Ndinamva akutsokomola kwa nthawi yaitali, chifuwa chimene analibe m'mawa. Atatuluka anangoti, "Mapepala ena alipo?" Panalibe. Pa boma n'kotseka, ndi Sabata. Mawa ndi ku Bembeke.

Ndinakweranso pamwala, chifukwa munthu ukalakwa umafuna wina woti alakwe nawe. Thuu, nyimbo, Chisomo. Ndinamuuza kuti pulinta yawo yawononga mkamwini wanga.

"Pepani bwana. Kodi mwagwiritsa ntchito inki yathu yeniyeni?"

"Inki ndi inki."

"Bwana, mwathiramo chiyani?"

Ndinamuuza. Ndinamva akutseka foni ndi dzanja, ndipo chapatali kunamveka anthu oposa mmodzi akuseka. Atabwerera anati, mwaulemu wonse, galanti yanga yathera pomwepo, ndipo kodi pali china chimene angandithandize lero.

Madzulo amenewo ndinakonza bodza. Makadi abwino analipo asanu ndi imodzi. Ndikapereka amenewo ngati chitsanzo, n'kunena kuti enawo achedwa chifukwa dzuwa silinawale, batire lafooka. Mwezi wa Julaye bodza limenelo aliyense angalikhulupirire. Chotsala chinali manja. Ndinasamba ndi sopo, ndi phulusa, ndi mchenga, mpaka kukhula pamwala wotsukira mapazi. Anangosanduka ofiira owala.

Mantha anga enieni sanali a kusekedwa ayi. Banja la akatekisiti ndi gule siziyendera limodzi. Kutenga mwana wawo, woimba kwaya kuyambira ali wamng'ono, n'kumuika pa kadi ngati chilombo cha kudambwe, ena akanati kuchikazi kwatinyoza dala. Maukwati ena amagwedezeka ndi zochepa kuposa pamenepa, ndipo wolira akanakhala Tiyamike, chifukwa cha ntchito imodzi yokha imene bambo wake anaipempha yekha.

Lamulungu tinapita atatu: ine, Nambewe ndi a Lufeyo. Itatha Misa anatilandira kunyumba, pabalaza pa zithunzi za oyera mtima khoma lonse. Dominiko analipo, atakhala pakampando kukhomo mwaulemu wa mkamwini. Ine manja anali m'matumba a jekete, ndikudandaula za chisanu kuposa aliyense. Moni ndinapereka mwachangu ngati ndikugwira mphika wotentha. Zonse zinayenda mpaka mayi ake a Dominiko anabwera ndi beseni ndi jagi kuti tisambe m'manja tilandire tiyi ndi mbatata. Anagwada patsogolo panga. Kukana kusamba kwa asewere ako n'kosatheka. Ndinatulutsa manja. Anathira madzi, ndipo madzi a m'beseni anasanduka ofiirira.

"Mayo! Asewere, mwavulala?"

"Ayi, ndimapha nkhumba dzulo."

"Nkhumba yake inali ya magazi okhulupirika," anatero a Lufeyo akuyang'ana kudenga.

Ndinafulumira kutulutsa makadi asanu ndi imodzi aja n'kuyamba nkhani ya dzuwa ndi batire. Akatekisiti anagwedeza mutu momvetsa. Ndinali pafupi kuwoloka. Kenaka ndinaona dzanja la a Lufeyo likulowa m'thumba la mkati la jekete lawo, pang'onopang'ono, ngati munthu wotulutsa chopereka.

"Kuchikazi sitibisa kanthu," anatero. "Enawo ndi awa."

Akatekisiti analandira kadiyo. Anavala magalasi. Anaiyandikiza, anaitalikitsa, anayang'ana mwana wawo kukhomo, n'kubwereranso pa kadi. Nambewe anali atayang'ana pansi. Ine, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinasowa woti ndimupsere mtima. Ndinati, "Asewere, wolakwa ndine. Ndinathira inki yolakwika chifukwa cha kuuma mutu. Mwana wanga asavutikepo."

Akatekisiti anavula magalasi n'kuwapinda bwinobwino.

"Asewere," anatero, "mnyamata uyu ndakhala ndikumutchinga kudambwe kuyambira ali wa kabudula. Anzake ankapita, iye ndinkamutsekera m'kwaya. Inu mwamulowetsa tsiku limodzi, popanda ngakhale nkhuku."

 Kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka. Mayi ake a Dominiko anasuzumira pa kadiyo n'kukhala pansi pomwepo, beseni lili pamiyendo, akuseka mpaka kupukuta maso ndi chitenje. Dominiko anabwera chowerama, anaiona, anatseka pakamwa, ndipo atapeza mpweya anati, "Bambo, imeneyi ndikupempha ikhale yanga."

Lolemba tinapita kwa a Nachisale. Analipira ndi a Lufeyo, mapepala ndi kusindikiza komwe, ndipo anachita kuwerenga ndalamazo mokweza. A Nachisale sananene kuti ndinakuuzani. Anangofunsa, akulowetsa mapepala m'makina awo, "Bambo, makina aja apeza maso?"

Makadi ofiira aja ndinauza Nambewe kuti awotche. Iye anawapereka kwa achimwene ake kuti akawotche. A Lufeyo anawotcha mwa njira yawo: aliyense wolandira kadi yabwino ankalandiranso yofiira, ya bonasi. Ine sindinadziwe mpaka tsiku la ukwati. Pa perekaniperekani, woyendetsa mwambo ataitana malume, anthu anadzuka bwino ndithu. Kenaka anati, "Tsopano bambo a mkwatibwi, bambo womubereka, aja a makadi!" Holo yonse inaphulika. Ndinaona makadi ofiira akukupizidwa m'mwamba kuyambira kutsogolo mpaka kukhomo, a kuchimuna ndi a kuchikazi omwe, ndipo anthu anadzuka ochuluka kuposa a pa malume (izi a Lufeyo amatsutsa, koma ine ndinaona). Tiyamike anandikoka dzanja kuti tivine, akuseka n'kulira nthawi imodzi, n'kundinong'oneza kuti, "Ababa, mumafuna adziwe kuti ndili ndi bambo. Adziwatu."

Pulinta ili pamwamba pa kabati, yofunditsidwa kansalu koluka. Nambala ya Chisomo ndikadali nayo, ndipo nyimbo yawo ija nthawi zina ndimapezeka ndikuiimba ndikupalira. Ndinaphunzirapo kuti chinthu chotsika mtengo m'sitolo uzichifunsa kaye kuti chimadya chiyani, komanso kuti mayi wa magalasi akati musatero, usatero.

Koma Tiyamike wabereka mwana wamwamuna, ndipo ubatizo uli mwezi wamawa. Pafunika timakadi tochepa chabe. Sabata yatha ndinadzera pa boma, ndipo yachikasu inalipo. Nambewe ataona botolo anangotenga chingwe cha pulinta n'kukachibisa kwa achimwene ake.

Sakudziwa kuti cha wailesi chimalowa.